Phazi Langa ndi Khutu la Akamwini

Ine pikapu ndakwera, ndakwera zaka ndi zaka, koma kumbuyo, kumbuyo kokhakokha, pamodzi ndi mabelo a fodya, mbuzi ndi matumba a feteleza. Galimotoyo ndi yanga, musamve za wina. Anandisiyira malemu amuna anga. Pobwera inali yoyera mbee ngati ufa woyera, lero yasanduka mgaiwa. Imamwa dizilo, m'mawa imatsokomola ngati nkhalamba yosuta chingambwe, koma ikadzuka yadzuka. Oyendetsa ndi akamwini anga, amuna a mwana wanga wachisamba. Ndiye mwamva kale chifukwa chake ndimakhala kumbuyo. Kodi munthu n'kukhala mpando umodzi ndi apongozi ake, mapewa n'kumagundana pa bampu iliyonse? Ife a kuno ku Chamama, ife akale, sitinaleredwe choncho.

Chikwatirireni mwana wanga, akamwiniwa ndi ine tinali tisanayang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira uko, ine uku, aliyense kunjuta kuseri kwa chitsamba chake, kuomba m'manja, kulonjera mitengo. Mawu athu ankadutsa mwa mwana wanga ngati madzi m'ngalande.

"Uwauze amuna ako kuti chigafa chapendekeka."

"Uwauze amayi kuti ndamva, mitengo ndadula kale."

Chonsecho iwo ali apo, ine ndili apa, mtunda woti n'kuponyerana chitsononkho. Adzukulu amatiseka, amati zimenezo zinatha. Zinatha kwa eni ake, kwa ine ayi. Ndipo akamwiniwo ndi a ku Kaluluma, munthu wamtali, wofatsa, mkulu wa mpingo, wosaseka wamba. Ulemu anabwera nawo wodzaza dengu. Ine ndikathawa mkono umodzi, iwo ankathawa iwiri.

Matenda a pikapu anayamba m'chilimwe. Ikuyenda bwinobwino, ikuyenda, mwadzidzidzi fooo, mphamvu zathawa. Aponde moto mpaka phazi kugunda pansi, iyo n'kumangoyenda ngati ikuperekeza maliro, kanyali kachikasu katayaka patsogolo pa chiwongolero. Akaizimitsa n'kudikira pang'ono, n'kuilizanso, inkachira, n'kuthamanga ngati sinadwalepo. Makaniko wathu wa ku Kasungu boma, amene ndi mdzukulu wa achemwali anga, anaiyeza n'kunena kuti kavuta ndi kanthu kakang'ono kotchedwa sensa. Kamakhala pamwamba pa chopondera moto, pansi pa chiwongolero, kumdima kuja kumene kumapita mapazi. Ntchito yake akuti n'kunong'oneza injini kuti phazi laponda motani. Kakakalamba kamayamba mabodza. Phazi likuti thamanga, iko kakauza injini kuti bwana akuti ugone. Mwana wanga atandifotokozera, ndinaseka mpaka misozi. Ndinati kanthu kotere tili nako pamudzi pano, kamavala duku, kamapemphapempha mchere.

Akamwini anagula kena katsopano, n'kukasunga m'kabokosi ka kutsogolo, ati akapeza mpata apita kwa makaniko kuti akawaikire. Mpata! Mlimi wa fodya ali ndi mpata? Nazale kuthirira, mizere kukweza, chigafa kufolera. Kasensa kanagona m'kabokosi, kanagona, kakudikira tsiku lake.

Tsono mumvetse za munda wathu. Uli kumtunda, kopanda madzi. Nazale timafesa kutali kudambo, komwe chitsime sichiphwa. Mvula yowokera ikagwa, pikapu ndiyo miyendo ya mbande. Ndipo mbande ya fodya ukaizula yasanduka khanda lochotsedwa kubere. Ilowe m'nthaka msangamsanga, dzuwa lisanaipeze. Ikafota m'dengu, yapita, ndipo chaka chako chapita nayo. Sungakapemphe kwa mnzako, iyenso akuwokera zake, wina aliyense maso ali pa nazale yake ngati nkhuku yofungatira.

Chaka chimenecho mvula inachedwa, inachedwa mpaka tinayamba kuyang'anana ndi mitambo ngati adani. Itagwa inagwa ya mkokomo, nthaka n'kukhuta. Kutacha tonse tinali kudambo, kuzula, kuzula, mbande zonenepa, zamasamba ngati makutu a mwana wa mbuzi. Tinazula zonse zokhwima, m'nazale munangotsala tinyenyeswa. Akamwini anayamba atenga mwana wanga ndi aganyu kukawasiya kumunda kuti azikumba mapando. Ine ndinatsala kulongedza, chifukwa mbande zanga salongedza wina. Mizu pansi, masamba m'mwamba, m'madengu ndi m'mabeseni, pamwamba ziguduli zonyowa. Pikapu itabwerera tinakweza, iwo mbali iyo, ine mbali iyi, osayankhulana. Ndinakwera kumbuyo, ndinakhala pakati pa madengu anga ngati mfumukazi, ulendo unayambika.

Tinadutsa dambo, tinaoloka kamtsinje, madzi kuwaza uku ndi uku, ine ndikung'ung'udza kanyimbo kanga. Titangoyamba kukwera chitunda cha kutsidya, fooo. Ndinaimva m'matako momwe, mphamvu zikuthawa. Pikapu inakwawa, inakwawa, inaima. Akamwini anazimitsa, anadikira, analiza. Injini inalira bwino, koma poponda moto, zii, ngati akuponda dzungu. Anazimitsanso, analizanso. Zii. Nthawi ino kabodza kaja kanali katatsimikiza.

Ndiye mitambo, mitambo imene tinaipempha miyezi yonse ija, inang'ambika pakati. Dzuwa linasuzumira. Mukulidziwa dzuwa la pambuyo pa mvula, loluma ngati linthumbu.

Munthu panjirapo kunalibe. Tsiku lowokera ndani amayenda? Dziko lonse linali litawerama m'minda yake, kutali. Tinali atatu basi, ine, akamwini ndi manyazi.

Anatsika, anaika miyala kumatayala, anakaima kutsogolo atanditembenuzira msana. Anatsokomola. Kenaka anayankhula ndi tayala.

"Tayala iwe, zinthutu zavuta."

Ine ndinayang'ana dengu limene linali pafupi nane. "Dengu iwe, wamva? Akuti zavuta. Koma mbande sizidziwa kuti zavuta, zimangodziwa dzuwa."

"Tayala iwe, ndiyesa kuimbira makaniko."

Anaimba, anatsegula mawu kuti amveke patali, anaika foni padenga la galimoto, pakati pa iwo ndi ine. Makanikoyu, poti ndi mdzukulu, ine ndi iye timatukwanizana mwa nthabwala, amanditcha mkazi wake chibadwire. Kubwera anati sangathe, anali pansi pa lole ya eni, ndipo msewu wa kwathu ndi matope otere njinga yamoto sikanafika dzuwa lisanapendeke.

"Koma kasensa kaja muli nako, eti bambo? Ndiye muika nokha. Si ntchito yoopsa. Yambani mwachotsa waya wa batire."

Akamwini anachotsa. Anatsegula chitseko cha dalaivala, anagwada m'matope, analowetsa mutu ndi mapewa pansi pa chiwongolero, thupi lonse lalitali lija litatsala kunja ngati ng'ombe ikumwa m'mgolo. Foni inkalamula, iwo ankamvera. Anazula pulagi ya mawaya, anamasula timabawuti tiwiri ndi sipanala, anatuluka atanyamula kabodza kaja m'manja. Ndinasuzumira pakona pa diso. Mayo ine! Kanthu kakuda ngati kabotolo ka fodya wa m'mphuno. Kameneka n'kugwetsa galimoto yonse? Kameneka n'kufuna kundidyera chaka?

"Tsopano apa mpamene pali nkhani," anatero makaniko. "Katsopanoko kali ndi kalilime. Kalilimeko kalowe m'kampata ka pa chopondera, ndipo sikalowa pokhapokha chopondera chitapondedwa theka. Manja anu onse awiri akhala ali pa sensa ndi sipanala. Mukatero musamange zolimba. Mubwezere batire, wina alize injini, inu muzikapotoza pang'onopang'ono, winayo akuyang'ana kamuvi ka pa wotchi ya injini, patsogolo pa chiwongolero, mpaka kakhale pansi pang'ono pa wani, nyali yachikasu izime. Pakufunika munthu wachiwiri. Muli ndi ndani pamenepo?"

Akamwini anayang'ana tayala lawo, ine dengu langa.

"Halo? Ndati muli ndi ndani?"

"Ndili ndi... amayi."

"Amayi ake ati?"

"Amayi eni galimoto."

Foni ija inaseka, inaseka mpaka kunjenjemera padenga. "Mkazi wanga ali pomwepo? Mkazi wanga, lero mwapezeka! Lero mukhala pampando wa dalaivala, phazi lanu pafupi ndi ndevu za akamwini anu!"

"Iwe galu wa mafuta," ndinatero ine, "pakamwa pako pakununkha girizi. Uwauze bambo akowo kuti ine m'menemo sindilowa. Ndiponda ndi mpini wa khasu ndili panja."

"Bambo, akuti aponda ndi mpini."

"Auzeni kuti ndathokoza."

Ndinatsika, ndinagulula khasu, ndinazungulira ku chitseko chinacho. Ndinaima panja, nkhope nditayang'anitsa kuthengo, mkono wokha ndi mpini zili m'kati, ndikufufuza ngati wosaka mbewa kuuna. Ndinagunda chinthu cholimba, ndinakankha.

"Auzeni amayi kuti imeneyo ndi buleki."

"Mkazi wanga, akuti ndi buleki, pitani patsogolo."

Ndinapita patsogolo. Ndinapeza china, chinavomera, chinatsika. Koma chinali ndi matope a nsapato, mpini unaterereka, unakagunda chinthu chofewa. Phaa!

"Yayi! Yayi, mama we!" Akamwini akadzidzimuka chimatuluka ndi Chitumbuka cha kwawo. Kenaka anapuma, anabweza ulemu wawo, n'kunena ndi mawu a kutchalitchi, "Auzeni amayi kuti zikomo kwambiri, koma limenelo ndi khutu."

Makaniko analephera kupereka uthengawo. Ankangolira ndi phwete, akuitana anzake a pagalaja kuti adzamve. Ali m'kati moseka choncho, m'foni munalowa kamkazi kena kamawu osalala, kakuti mayunitsi atha. Tii, tii, zii. Mkhalapakati wathu anafa pomwepo. Tinadikira kuti mwina aimba yekha, koma pa chitunda chimenecho foni imagwira pamene yafunira.

Ndinabwerera kumbuyo, ndinavundukula chiguduli chimodzi. Mbande za pamwamba zinali zitagwetsa makutu ngati galu wokalipiridwa. Ndinapisa dzanja m'kati mwa dengu, munali mofunda. Ndinathamangira kukamtsinje ndi beseni, ndinawaza, ndinawaza, koma ndinkadziwa. Mbande zothinana ukazithira madzi padzuwa, sukuzipulumutsa, ukuziphika ngati chigwada. Zinali ndi kanthawi kochepa, ndipo kanthawiko kankadontha.

Ndinaima pamenepo, beseni m'manja. Uku mwambo, uku fodya. Mwambo wa amayi anga, fodya wa adzukulu anga. Ndikalowa, ndadzivula. Ndikapanda kulowa, chigafa chikhala chopanda kanthu, mbuzi zizigonamo.

Pamenepo mpamene ndinakumbukira mtondo. Kale tili atsikana, mawu amene sukanatha kuuza apongozi kapena amuna ako pamaso, unkapita nawo pamtondo. Unkasinja uku ukuimba, mudzi wonse unkamva, mwini nkhani ankamvanso, koma palibe ankati wayankhula. Nyimbo si mawu. Nyimbo ndi mphepo, imangodutsa, wakumva wamva yekha.

Ndinatenga chiguduli chimodzi, ndinakulunga miyendo yanga kuchokera m'chiuno mpaka mu akakolo kuti akamwini asaione, ndinamanga ndi chingwe cha mabelo, mfundo pamwamba pa mfundo, phazi lakumanja lokha lili panja. Ndinatenga china ndinachiponya pa boneti. Ndiye ndinatsegula kukhosi.

*Mphepo iwe, mphepo ya kudambo,*
*kauze mwana wa eni ake,*
*apachike nsalu pa chiwongolero,*
*nkhalamba ikubwera, isaonedwe.*

Posakhalitsa ndinamva chiguduli chikukokedwa pa boneti. Akamwini anachimangirira ku chiwongolero, chinalendewera mpaka pansi ngati katani ya kuchipatala, mutu wawo mbali iyo, mpando mbali iyi. Ndinadumphadumpha ngati chule, miyendo ili yomangidwa, ndinakwera chitseko chinacho chamimba, ndinakhwekhwereza matako kudutsa pa giya, mpaka ndinafika. Mpando wa malemu amuna anga! Chibwerereni galimotoyo ndinali ndisanaukhalepo. Unali ndi dzenje pakati, ndinalowamo ngati dzira m'chisa. Mwendo wanga ndi waufupi, ndinachita kutsetserekera kutsogolo mpaka chibwano kutsamira chiwongolero, ndiye chala chachikulu chinakhudza chopondera, pansi pa katani paja. Ndinamva mpweya wofunda pa chidendene changa. Ndinatseka maso, ndinapepesa amayi anga kumanda.

*Mphepo iwe, phazi lafika,*
*liponde kodi, kapena lileke?*

Ndinadikira. Ndinkadziwa chimene chikuwavuta. Akayankha ndi mawu wamba, ayankhula ndi apongozi awo. Tayala linali kutali. Panatsala njira imodzi yokha, ndipo akamwini anga kutchalitchi amangotsegula pakamwa, mawu amasiyira akwaya. Kenaka pansi pa chiwongolero panatuluka liwu, liwu la ng'ombe yodwala chifuwa, likukoka ngati nyimbo ya pamaliro.

*Lipondeee, pachokopachoko,*
*lipondeee, lisafike pansiii.*

Ndinaluma mlomo. Ndikanaseka, phazi likananjenjemera. Ndinaponda pachokopachoko monga ananenera. Ndinamva kuti kwe, kwe, kenaka kha.

*Chalowaaa, chalowa, liime pomwepooo.*

Ndinaima pomwepo. Mwendo unayamba kuphwanya, dzanzi linakwera mpaka m'chiuno, thukuta likuyenderera m'chiguduli, iwo akulimbana ndi timabawuti. Kamodzi kanagwa, ndinakamva kakugubuduka. Anakafufuza ndi dzanja, dzanja linakhudza chala changa chaching'ono, tonse awiri tinakuwa ngati taponda njoka.

*Pepaniii, linali bawutiii.*

*Mphepo iwe, palibe kanthu,*
*chala chimenecho si changa,*
*ndinabwereka kwa aneba.*

Ndinamva kuti fwi, kuseri kwa katani. Mkulu wa mpingo anali kuseka! Anabisa ndi chifuwa, koma ndinamva.

Atalumikiza pulagi anatuluka, anakabwezera waya wa batire, anabwera n'kugwadanso. Tsopano inali nthawi ya kiyi. Anaimba kuti ndichotse phazi, ndipotokole kiyi. Ndinapotokola. Galimoto inanjenjemera, inatsokomola, inadzuka, ine ndili chigwirire kiyi, ikulira kuti kwerrr ngati chigayo chameza mwala.

*Siyani kiyiii! Amayi a chifundo, siyaniii!*

Ndinasiya. Aa! Injini ikuguguda pansi panga, ine mwini ndaidzutsa ndi zala zangazi. Ndinamva ngati ndabereka mwana wamwamuna wolemera.

Tsono kamuvi. Manambala ndimawadziwa, ndinapitako kusukulu ya kwacha. Aphunzitsi ankati wani ndi mtengo woongoka, thuu ndi bakha wosambira. Ndinasuzumira pa wotchi, ndinaupeza mtengo, ndinampeza bakha. Kamuvi kanali pakati pawo, kakunjenjemera, injini ikukuwa ngati yakwiya.

*Kadutsa mtengo, kadutsa mtengo,*
*kakupita kwa bakha, kabwezeni!*

Anapotoza. Kamuvi kanatsika, kanatsika, kanapitirira, injini inayamba kutsamwa ngati ikomoka.

*Mwaonjeza, mwaonjeza,*
*kagwa m'chitsime, katoleni!*

*Ndikukwezaaa, pachokopachokooo.*

Maso anga ndi okalamba, ndinati ndiyandikire kuti ndione bwino. Ndinawerama, chifuwa changa chonse chinatsamira pakati pa chiwongolero. Piiiii! Hutala! Pansi paja ndinamva guu, mutu wagunda chitsulo. Panatuluka Chitumbuka china chimene sindinena pano, chifukwa munthuyo ndi mkulu wa mpingo ndipo akadali moyo.

*Mphepo iwe, kafunse,*
*mutu ulipo kapena wachoka?*

*Ulipooo, koma wakulaaa.*

Tinayambiranso. Iwo kupotoza, ine kuimba. Kakwera, katsika, kakwera pang'ono, kabwerera. Dzuwa likuwotcha denga, fungo la dizilo ndi la chiguduli chonyowa zasakanikirana, mtima wanga uli kumbuyo m'madengu. Kenaka kamuvi kanafika pansi penipeni pa mtengo, kanaima, kanakhazikika ngati mlendo wapatsidwa mpando. Injini inasintha mawu, inayamba kuguguda mofatsa, gu gu gu gu, ngati mtondo wa mkazi wodziwa kusinja. Ndinayang'ana kanyali kachikasu. Kanali katazima!

*Pomwepo, pomwepo, musagwedeze!*
*Kakhala pamthunzi, nyali yafa!*
*Mangani, mwana wa eni, mangani!*

Anamanga. Sipanala inalira kwe, kwe, kwe. Anatulutsa mutu, anaima patali atayang'ana kuthengo, chipumi chitatupa ngati bwemba lakupsa, n'kuimba kuti ndiyese kuponda, ndiponde ndithu.

Ndinaponda. Vuuuu! Abale inu! Galimoto yonse inabangula, utsi wakuda unatuluka kumbuyo ngati tikuotcha tchire, akakowa a m'dambo anauluka onse. Ndinachotsa phazi, inafatsa. Ndinapondanso, inabangulanso. Ine ndikati lira, ikulira. Ine ndikati khala chete, ikukhala chete. Zaka zonsezi amuna akhala akudya chokoma chotere okha, ife tili kumbuyo ndi mbuzi! Ndinaponda, ndinaponda, nthungululu ili pakamwa, lululululu, vuuu, lululu, vuuu.

*Dizilooo, amayi, dizilo ndi wochepaaa.*

Ndinaleka, koma mtima sunafune.

Tsopano ndibwerere kumbuyo kumalo kwanga. Ndinagwira mfundo za chingwe chija. Zinali zitanyowa, zitalimba gwa, ndipo ndinamanga ndine, ndi mantha, mfundo za belo lopita ku okushoni. Zikhadabo zinakanika, mano ndilibe okwanira. Mpeni unali m'thumba la akamwini, koma kodi mkamwini n'kudula chingwe cha m'chiuno mwa apongozi ake? Kulowa ndinalowa chamimba, koma kukwera kumbuyo ndi miyendo yomangidwa, ngakhale mtsikana sangathe. Ndipo mbande zikupsa.

*Mphepo iwe, belo lakana kutsika,*
*lipite momwemu, nthawi yatha.*

Ndinakhwekhwerezera ku mpando winawo, ndinakanirira kuchitseko, nkhope pawindo. Iwo anamasula katani ku chiwongolero, anaipachika pa galasi la pakati kuti itigawe, anachotsa miyala, analowa. Pikapu inakwera chitunda chija ngati mbuzi yaona chimanga. Matope kuwaza, madengu kugwedezeka, ine ndikuona msewu ukubwera kutsogolo kwanga koyamba, poti kumbuyo umangoona kumene wachokera.

Titafika kumunda, mwana wanga anali ataima pamsewu, manja m'chiuno, mapando atakumbidwa kalekale, aganyu atakhala pansi pa mtengo. Anathamangira kumbuyo kwa galimoto.

"Amayi ali kuti? Mwawasiya kuti amayi? Bambo a mwana, chipumi chatani? Mwagwa nayo?"

"Ali m'kati," anatero amuna ake, akuyang'ana nsapato zawo.

"M'kati mwa chiyani?"

Anatsegula chitseko changa. Anandipeza ndili tsonga, womangidwa m'chiguduli, phazi limodzi lili panja, duku litapendekeka. Mayi wina waganyu anasuzumira n'kufuula, "Bwerani mudzaone, chaka chino fodya wayamba ndi belo lalikulu! Agogo, akugulani giredi yanji?" Onse anagwa pansi ndi kuseka.

"Seka uku ukutsitsa madengu, mwana wa mfiti iwe!" ndinatero. "Iwe, dula chingwechi. Mafunso madzulo. Mbande! Mbande!"

Mwana wanga anadula. Tinavundukula ziguduli. Za pamwamba zinali zitapita, zofewa ngati ndiwo zofutsa, tinazitaya. Za pakati zinali lefuu, zokomoka, koma tsinde likadali lolimba. Za pansi zinali zikupumabe. Tinagawana mizere. Wina kuponya, wina kuwokera, wina kutsendera, misana m'mwamba. Ine ndi mwendo wanga wadzanzi ndinali pakati pawo, ndikutsimphina, ndikutsendera. Chakumadzulo mitambo inachita manyazi, inabwerera, inatipatsa kamvula kowaza. Tinamaliza dengu lotsiriza tili chinyowere. Mizere ya kumapeto inatsala yopanda kanthu, m'malo mwa zotayidwa zija.

Koma mbande yowokedwa siyankha tsiku lomwelo. Imagona chafufumimba pa mzere ngati yafa, ndipo zathuzi zinagona koposa zonse zimene ndinaonapo. Ndinabwerera kunyumba osadziwa ngati tawokera fodya kapena taika maliro. Mawa lake ndinapita, zinali chigonere. Mwana wanga anati tidikire. Ndinadikira, chakudya chosalowa.

M'mawa wotsatira ndinalawira mame asanaume m'maudzu. Ndinafika m'mphepete mwa munda, ndinayang'ana, ndinapukuta maso, ndinayang'ananso. Zadzuka! Mitima ya mbande yaloza kumwamba, mzere ndi mzere, tobiriwira, tonyada, ngati ana a sukulu pa mzere wa m'mawa. Apa ndi apo panali pofa, pofuna kupakiza, koma munda unali moyo, munda wonse unali moyo. Ndinataya ndodo yanga yoyendera. Ndinamanga chitenje m'chiuno. Ndinalowa m'mizere ndikuvina chimtali ndekhandekha, wopanda ng'oma, wopanda mnzanga, ndikuimbira fodya wanga, ndikuimbira pikapu yanga, ndikuimbira phazi langa lakumanja. Ndinazungulira, ndinadumpha mzere, ndinabwerera chambuyo, matope mpaka m'mawondo.

Sindinaone kuti kumapeto kwa munda kunali munthu wina amene analawira kuposa ine, atanjuta, akuyendera mbande. Anaimirira, chipumi chake chikadali chotupa. Anavula chipewa. Anandiyang'ana, ine ndemwe, m'maso, n'kunena ndi mawu wamba, opanda nyimbo, opanda tayala.

"Amayi, vinirani kumsewu. Mukuponda fodya."